MUDZI WA LAXTON: ENI AKE ASINTHA, MINDA YAKE IKALIPO

Nkhani yokambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa za Ulimi, pa nthawi ya alimi ndi mafumu.

Masiku ena pa nthawi ino timakambirana za mbeu, za manyowa ndi za mizere. Lero ndikupemphani kuti mundilole ndikutengereni kutali, kutsidya kwa nyanja, ku dziko la England limene makolo athu ankati Mangalande. Ndifuna kukuuzani mbiri ya mudzi umodzi wa kumeneko, dzina lake Laxton, umene uli m'chigawo cha Nottinghamshire, chapakati pa dzikolo.

Kapena wina afunsa kuti, kodi mudzi wa Azungu utikhudza bwanji ife? Inu mafumu mudziwa kuti milandu yambiri imene ifika pa mabwalo anu ndi ya malire a minda, ndiponso ya funso lakuti mwini malo ndani. Anthu a ku Laxton akhala ndi mafunso omwewo kwa zaka zoposa 900, ndipo zambiri zimene zinawaonekera zinalembedwa m'mabuku. Tsono tiyeni tione chimene chinapita ndi chimene chinatsala pa zaka zonsezo.

MBUYE WA MUDZI

Kale ku England dziko lonse linkayesedwa la Mfumu yaikulu. Mfumuyo inkagawira akuluakulu ake zigawo za dziko, ndipo iwo ankabwezera poithandiza pa nkhondo. Kachigawo kakang'ono, kawirikawiri mudzi umodzi pamodzi ndi minda yake, madambo ake ndi nkhalango yake, Angerezi ankakachula manor, ndipo mkulu wokalamulira ankamchula Lord of the Manor, ndiko kunena mbuye wa mudziwo.

Mbuye ameneyu anali ndi zinthu zitatu. Anali ndi munda wakewake. Anali ndi anthu olima pa malo ake, amene ankamlipira ndi ndalama, ndi zokolola, kapena ndi nchito. Analinso ndi bwalo la milandu, kumene nkhani za minda, za ziweto ndi za malire zinkaweruzidwa. Ambiri mwa alimiwo sanali mfulu kwenikweni. Sankaloledwa kusamuka popanda chilolezo cha mbuye, ndipo sabata iri yonse ankagwira nchito masiku angapo m'munda wake asanagwire m'minda yao. Akuluakulu a ku Thyolo, ku Mulanje, ku Chiradzulu ndi ku Zomba amene anamva za thangata kwa makolo ao, kapena anailawa okha isanathetsedwe m'chaka cha 1962, adziwa kuwawa kwa moyo wotere.

Koma musafanizire mbuye ameneyu ndi mfumu ya kwathu kuno. Mfumu yathu isunga malo m'malo mwa anthu ake, ndipo ufumu sugulidwa pa msika. Mbuye wa manor ankatha kugulitsa mudzi wonse, kuupereka chikole cha ngongole, kapena kuusiyira mkamwini wake, anthu ali momwemo. Kusiyana kumeneku mukusunge m'mutu pamene tikupitiriza.

KULANDA NDI NKHONDO

Munthu woyamba amene timdziwa dzina monga mwini Laxton ndi Tochi, mwana wa Outi, mkulu amene anali ndi midzi yambiri. M'chaka cha 1066 William wa ku Normandy, chigawo cha dziko la France, anaoloka nyanja ndi ankhondo ake, nagonjetsa Angerezi pa nkhondo ya ku Hastings, nakhala Mfumu ya England. Malo a Tochi analandidwa, napatsidwa kwa Geoffrey Alselin, mmodzi wa anthu a William. Alimi a m'mudzimo palibe anawafunsa. Anangomva kuti kuyambira tsopano msonkho upita kwa munthu wina, wolankhula chinenero chachilendo.

Patapita zaka 20, m'chaka cha 1086, Mfumu William inatuma alembi m'dziko lonse kuti akalembe mudzi uli wonse, mwini wake, anthu ake, mapulao ake ndi phindu lake, kuti idziwe bwino msonkho woyenera kulandira. Buku limenelo lichedwa Domesday Book, ndipo likusungidwa ku London mpaka lero. Za Laxton analemba kuti woyang'anira mudzi m'malo mwa Geoffrey anali munthu wake dzina lake Walter. Munali alimi 22 okhala ndi minda yokulirapo, alimi 7 a minda ing'onoing'ono, akapolo 6, mmodzi mwa iwo wamkazi, ndi maekala 40 a dambo lomwetamo udzu. Masiku a Tochi mudziwo unkapindula mapaundi 9 pa chaka, koma pofika 1086 unkapindula mapaundi 6 okha. Maina a alimi aja sanalembedwe. Anangowerengedwa monga tiwerengera ng'ombe pa dibi.

KULOWA NDI UKWATI

Dzina la Alselin silinakhalitse. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1100 mudziwo unali m'manja mwa banja la de Caux. Pa nthawi imeneyo Laxton unali mudzi womveka. Kumpoto kwake kunali linga lomangidwa pa chitunda choundidwa ndi manja a anthu, ndipo a de Caux anali ndi udindo waukulu woyang'anira nkhalango za Mfumu m'dera lonselo, kuphatikizapo nkhalango ya Sherwood. Mfumu John, imene inalamulira kuyambira 1199 mpaka 1216, inagonako kangapo pa lingalo.

Koma banja lingakhale lamphamvu chotani, silingadzilonjeze mwana wamwamuna. Wotsiriza wa a de Caux anali mai dzina lake Maud. Iye atamwalira m'chaka cha 1224, mudzi unapita kwa mbale wake wa banja la Birkin, ndipo posakhalitsa unapitanso kwa mai wina wa banja limenelo, Isabel, amene anakwatiwa ndi Robert de Everingham. Motero dzina la eni mudzi linasintha kawiri pa zaka zowerengeka, popanda mkondo ngakhale umodzi kuponyedwa.

A Everingham anakhalapo zaka zoposa 150. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1200 mmodzi wa iwo analandidwa udindo uja wa nkhalango, chifukwa anapezeka wolakwira malamulo a nyama za Mfumu, iye amene anaikidwa kuti azisunge. Kuyambira pamenepo ulemerero wa Laxton unayamba kuzirala. Lero mukapita kumeneko mupeza manda a akuluakulu a banjalo m'chalichi cha m'mudzimo, ndi zifanizo zao zosema ziri gone pamwamba pake. Linga lija linagwa kalekale, ndipo patsala chitunda chokha chomera udzu. Ana aamuna atathanso kwa a Everingham, mudzi unayenda ndi ana aakazi mpaka unafika ku banja la Roos m'zaka za m'ma 1400.

KUTAYA NDI NGONGOLE

Apa ndikupemphani kuti mumvetsetse, makamaka inu achinyamata amene mudzalandira minda ya makolo anu. A Roos anamanga nyumba yabwino ya njerwa pa bwalo la linga lakale lija, nakhala ambuye a mudziwo zaka pafupifupi 200. Wotsiriza wao anali Gilbert Roos. Bambo wake Peter atamwalira, chuma chinayamba kumwazika, ngongole zinachuluka, ndipo m'chaka cha 1618 mudzi unagulitsidwa.

Robert Thoroton, amene anasindikiza mbiri ya chigawo cha Nottinghamshire m'chaka cha 1677, anasimba za mai wake wa Gilbert, dzina lao Bridget. Iye analemba kuti chifukwa cha matsoka ao ndi kusakaza kwa mwana wao, maiwo anasauka kotero kuti ankakunkha tirigu pamodzi ndi amphawi ena m'minda ya Laxton. Taganizani, azimai. Munthu amene dzulo anali mkazi wa mwini mudzi, amene anthu ankamgwadira, lero akuwerama m'munda wa eni ake kutola ngala zimene okolola asiya. Nkhondo sinamlande kanthu. Chilala sichinamlande kanthu. Ngongole ndi kusasamala kwa m'nyumba mwake momwe ndizo zinamfikitsa pamenepo.

KUGULA NDI NDALAMA

Wogula anali George Villiers, bwenzi lapamtima la Mfumu James, amene pambuyo pake anachedwa Duke of Buckingham. Iye anali ndi malo ambiri kwina, ndipo Laxton anausunga zaka 7 zokha. M'chaka cha 1625 anaugulitsa kwa Sir William Courten, wamalonda wa ku London, mwini zombo zoyenda pa nyanja zazikulu, munthu wachuma kotero kuti mafumu a England ankakongola ndalama kwa iye.

Courten sanali mlimi, koma anachita chinthu chimodzi chanzeru. Monga wamalonda, anafuna kudziwa bwino chimene anagula. Analemba nchito munthu woyeza malo dzina lake Mark Pierce, ndipo m'chaka cha 1635 Pierce anatsiriza mapu a mudzi wonse pamodzi ndi buku lake. Kachigawo kali konse ka malo anakapatsa nambala. M'bukumo analemba kukula kwake ndi dzina la munthu wolimapo. Pa mapuwo anajambulanso tianthu tikulima ndi pulao, tikufesa, tikumweta udzu ndi kukolola. Aka kanali koyamba kuti ndime iri yonse ya mlimi wamba wa m'mudzimo ionekere pa pepala pamodzi ndi dzina lake.

Mapuwo aonetsa kalimidwe ka masiku amenewo. Minda sinali yochingidwa ndi mipanda. Panali zigwa zikuluzikulu zozungulira mudzi, ndipo chigwa chiri chonse chinagawidwa m'ndime zazitali ndi zopapatiza, zonse pamodzi 2,280. Mlimi mmodzi ankakhala ndi ndime zingapo zomwazikana, ina pa nthaka yabwino, ina pa nthaka yolowa madzi, ina pafupi, ina kutali, kuti zabwino ndi zoipa agawane onse.

Courten anamwalira m'chaka cha 1636, chaka chimodzi chokha mapu atatha. Mwana wake anagwa m'ngongole, ndipo m'chaka cha 1640 anagulitsa mudzi kwa Robert Pierrepont, Earl of Kingston. Chuma cha a Courten chinatha, zombo zao zinaiwalika, koma mapu aja akusungidwa mpaka lero m'nyumba ya mabuku ya Bodleian ku Oxford, ndipo munthu atha kuima nao m'munda ku Laxton ndi kuloza malo amene Pierce anayeza.

BANJA LIMENE LINAKHALITSA

Robert Pierrepont sanadyerere. M'chaka cha 1643, pa nkhondo ya pachiweniweni ya pakati pa Mfumu Charles ndi Nyumba ya Malamulo, anaphedwa ndi mzinga wa anthu a mbali yake yomwe, ali wandende m'bwato la adani. Koma banja lake linasunga Laxton zaka 312. M'chaka cha 1773 mwini wake wa nthawi imeneyo, Duke of Kingston, anamwalira wopanda mwana, ndipo mkazi wake atamwaliranso mu 1788, chuma chinapita kwa mwana wa mlongo wake, Charles Medows. Inu Achewa simudabwa nazo zimenezi. Mphwakeyo anatenga dzina la Pierrepont, ndipo m'chaka cha 1806 anakhala Earl Manvers. Likulu la banjali linali ku Thoresby, mtunda wochepa kuchokera ku Laxton.

M'zaka zimenezo, makamaka pakati pa 1750 ndi 1850, midzi yambirimbiri ya ku England inasiya kalimidwe ka ndime. Eni malo ankapempha lamulo ku Nyumba ya Malamulo, zigwa zija zinkagawidwa mwatsopano, ndipo ali yense ankachinga gawo lake ndi mpanda. Olemera anapindula, pakuti munda wa pamodzi subvuta kuusamala. Koma amphawi ambiri anataya msipu wa onse kumene ankadyetsa ng'ombe yao imodzi, nakhala anchito a ena kapena kupita m'matauni.

Nanga Laxton unapulumuka bwanji? Sikuti eni ake anali achifundo kuposa ena iai. Poyamba panali eni malo akuluakulu awiri, a Manvers ndi a Earl of Scarbrough, amene sanamvane za kagawidwe kake. Pamene anasinthana malo m'zaka za m'ma 1860, a Manvers anali otanganidwa ndi kumanga chinyumba chao chachikulu ku Thoresby, ndipo ndalama zinkapita kumeneko. Nyumba itatha, mtengo wa tirigu unagwa chifukwa cha tirigu wotsika mtengo wochokera ku America, ndipo panalibenso wofuna kutaya ndalama pa mipanda. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 ndime zing'onozing'ono zinaphatikizidwa kuti zikhale zokulirapo, koma zigwa zitatu zinatsala zosachinga. Pofika nthawi imeneyo anthu anazindikira kuti mudzi wotere watsala umodzi wokha m'dziko lonse.

M'chaka cha 1952 Earl Manvers wotsiriza anagulitsa Laxton kwa Unduna wa za Ulimi, kuti Boma lisunge kalimidwe kameneka. Iye anamwalira mu 1955 wopanda mwana wamwamuna wolowa dzina, ndipo dzina la Manvers linathera pomwepo. Kwa zaka 29 mbuye wa mudzi anali Nduna ya Boma. M'chaka cha 1981 mudzi unapita kwa a Crown Estate, amene ayang'anira malo a Ufumu wa Britain, ndipo m'chaka cha 2020 iwonso anaugulitsa kwa oyang'anira chuma cha ku Thoresby. Motero mudzi unabwerera kumene unachoka zaka 68 zapitazo.

BWALO LA ALIMI

Tawerenga eni ake ambiri: wolanda ndi nkhondo, olowa ndi ukwati, wotaya ndi ngongole, wamalonda, Nduna ya Boma. Ambiri mwa iwo sanagwirepo pulao ku Laxton. Nanga chinasunga mindayo nchiani? Ndi bwalo la alimi eni ake, limene kumeneko alichula Court Leet.

Zigwa zitatu zija maina ake ndi Mill Field, South Field ndi West Field. Zonse pamodzi ndi maekala pafupifupi 500, ndipo ndime zake tsopano sizikwana 200. Mbeu ziyenda mwa kasinthasintha wa zaka zitatu. Chaka choyamba chigwa chonse chibzalidwa tirigu. Chaka chachiwiri chibzalidwa mbeu ina, monga barele. Chaka chachitatu chigonekedwa kuti chipume, ngakhale masiku ano alimi aloledwa kubzalamo udzu wa ziweto. Munthu sangabzale chimene afuna pa ndime yake. Atsata chimene chigwa chonse chikuchita chaka chimenecho.

Chaka chiri chonse, chakumapeto kwa mwezi wa Novembala, alimi 12 olumbiritsidwa pamodzi ndi kapitao wao apita kukayendera chigwa chimene changobzalidwa tirigu. Anyamula zikhomo zamitengo ndi nyundo. Ayenda m'malire a ndime, a miseu ya m'munda ndi a malo a udzu, ndipo pamene chikhomo chazuka kapena chaola akhomapo china. Akapeza kuti wina walima mopyola malire, kapena wasiya dothi la pulao pa mseu osalibweza m'ndime yake, kapena sanakonze ngalande yake, kapitao alemba. Madzulo akhala pansi m'nyumba ya alendo ya m'mudzimo, yochedwa Dovecote Inn, nagwirizana za chindapusa cha wolakwa ali yense.

Patapita sabata imodzi bwalo likumana m'nyumba yomweyo. Pa mpando akhala munthu wodziwa malamulo woimira mbuye wa mudzi. Maina a onse aitanidwa, ndipo amene sanabwere alipiritsidwa mapeni 2. Wolakwa apatsidwa mpata wodziteteza pamaso pa anzake, kenaka chindapusa chikhazikitsidwa. Ndalama zake nzochepa. Chimene chiwawa ndi kumva dzina lako likuwerengedwa pamaso pa anansi ako. Bwalo lisanabalalike, alimi ena 12 alumbiritsidwa kuti adzayendere chigwa china chaka chamawa. Onani kuti oweruza a chaka chino ndiwo oweruzidwa a chaka chamawa, ndipo nchifukwa chake palibe afuna kukondera kapena kupondereza mnzake.

M'chaka cha 1977 Nyumba ya Malamulo ya Britain inachotsa mphamvu zoweruza milandu kwa mabwalo akale a mtundu umenewu, koma bwalo la Laxton analipatula mochula dzina, kuti lipitirize nchito yake.

Palinso china chimene ine monga mlangizi sindingachidumphe. M'zigwa zija muli malo otsetsereka ndi makwawa oyendamo madzi, amene salimidwa konse. Akhala a udzu kuyambira kalekale, ndipo ndiwo malo amene zikhomo zija ziwateteza koposa. Udzuwo ugwira nthaka ndi kutsogolera madzi a mvula, ndipo mwezi wa Juni ugulitsidwa pa okushoni kwa ofuna kumweta. Popeza sunathiridwepo feteleza kapena mankhwala, muli maluwa ndi zomera zimene kwina zinatha, ndipo Boma linawaika m'gulu la malo otetezedwa.

Sindikunena kuti kalimidwe ka ku Laxton kalibe mabvuto iai. Ndime zomwazikana zitayitsa nthawi, makina akuluakulu a masiku ano satembenuka bwino m'ndime yopapatiza, ndipo mlimi wachangu ayenera kuyenda pa liwiro la anzake. Sindikuuzani kuti mutengere ndime zao. Chimene ndifuna muone ndi bwalo lao.

DZINA LOPANDA MUNDA

Tsopano ndinene za dzina lija la Lord of the Manor. Kuyambira pa lamulo la chaka cha 1290, ku England sikutheka kupanga manor atsopano, kotero maina onse a mtundu umenewu ndi akale ndithu. Lamulo la chaka cha 1922, limene linayamba kugwira nchito mu 1926, linamasula alimi amene ankagwira malo ao kudzera m'bwalo la mbuye, nakhala eni malo enieni. M'midzi yambiri mbuye anatsala ndi dzina lokha ndi mapepala akale.

Ndipo popeza lamulo la kumeneko liona dzinalo ngati katundu, ligulitsidwa palokha, munda osapita nalo. M'chaka cha 1996 Earl Spencer, mlongo wake wa Princess Diana, anagulitsa dzina la mbuye wa Wimbledon pa mapaundi 171,000. Chaka chomwecho katswiri wa nkhonya Chris Eubank anagula dzina la mbuye wa Brighton pa mapaundi 45,000. Wogula dzina lotere sakhala mwini mudzi, salowa m'Nyumba ya Malamulo, ndipo sagawira munthu munda. Nthawi zina dzinalo libwera ndi timaufulu takale, monga ta msika kapena ta miyala ya pansi pa nthaka, koma kawirikawiri ndi chikalata chopachika pa khoma basi.

Ku Laxton dzina silinalekane ndi minda, ndipo mbuye akali ndi nchito yoitanitsa bwalo chaka ndi chaka. Nchifukwa chake dzinalo kumeneko likali ndi tanthauzo.

ZIMENE TINGATOLEPO

Malamulo a malo a Angerezi anafika kuno kwathu. Kuyambira m'chaka cha 1892 Harry Johnston anayamba kupereka zikalata za malo kwa Azungu amene ankati anagula kwa mafumu, ndipo midzi yathunthu inapezeka iri pa malo a munthu mmodzi, monga anapezekera anthu a Tochi. Makolo athu analibe pepala loti aonetse. Lero lamulo la malo a makolo la chaka cha 2016 linakhazikitsa makomiti a malo, otsogozedwa ndi mafumu, mmene mukhala amuna ndi akazi osankhidwa ndi anthu. Tsono nkhani ya Laxton itisiyira mau anai.

Choyamba, inu mafumu, musadikire mlandu kuti mukaone malire. Sankhani tsiku limodzi pa chaka, mvula isanagwe, muyende m'minda pamodzi ndi eni ake ndi akuluakulu odalirika. Pamene chizindikiro chafafanizika, bzalani mtengo kapena khonje onse akuona. Kuba malire kumayamba ndi mzere umodzi. Mzere umodzi ubwezedwa ndi mau, koma mizere 20 ya zaka 20 imadanitsa pachibale.

Chachiwiri, lembani. Buku la m'mudzi likhale ndi dzina la munthu ali yense wolima, malo ake, oyandikana nao, ndiponso amene anabwereka munda ndi chaka chimene anabwereka. Musaiwale maina a akazi amasiye ndi ana amasiye, pakuti ndiwo ayamba kulandidwa mboni zakale zikamwalira. Mlandu suola, koma mboni zimafa.

Chachitatu, makwawa, magombe a mitsinje ndi misipu ya onse ikhale ndi woiyang'anira. Malo amene ali a onse ndiwo ayamba kudyedwa, chifukwa palibe mmodzi amene awalirira. Anthu a ku Laxton akhomera zikhomo udzu, ndipo nthaka yao ikalipo.

Chachinai, kumbukirani mai Bridget Roos. Munda suthawa wokha. Umachoka ndi chala chodinda pa pepala la ngongole, kapena ndi ndalama za tsiku limodzi zimene zitha mwezi usanathe. Munthu asanagulitse kapena kubwereketsa malo a banja, akhale pansi ndi mwini mbumba, ndi abale ake ndi mfumu.

Mafumu anga, ine ndine mwana kwa inu, ndipo sindingakuphunzitseni ufumu. Ndangobwera ndi mbiri ya mudzi wa kutali, kumene maina a ambuye anasintha kambirimbiri, koma alimi sanaleke kukumana ndi kuyenda m'malire ao. Mukakambirane zimenezi pa mabwalo anu, ndipo ngati mudzi wina ufuna kuyamba buku la minda kapena tsiku loyendera malire, uzani mlangizi wa kwanuko kuti adzakuthandizeni.

Sabata yamawa pa nthawi yomweyino tidzakambirana za kubzala udzu m'migula ndi m'makwawa.